Ulemu Wanga Unathyola Dzanja la Alamu Anga

Inu owerenga, mundilole ndiyambe ndi kuvomera ndisanakuuzeni china chilichonse. Ndinaona ntchito ikulakwika ndi maso angawa, ndikudziwa bwino lomwe kumene idzathere, koma ndinangopinda manja n'kukhala duu. Mumtima ndinkati ndikupereka ulemu. Lero alamu anga a Fesitoni, mlongo wake wa mkazi wanga, dzanja lawo lamanja siligwira ngakhale supuni, pamene iwo anali munthu wodyera m'manja mwake, wowotcherera zitsulo pa Chiringa. Ndalemba izi kuti wina asadzachite uchitsiru umene ndinachita ine n'kumautcha khalidwe.

Moyo wanga wonse wa ntchito ndinauthera ku usilikali, koma musafulumire kuganiza za mfuti. Mfuti ndinkaigwira pa perete basi. Malo anga enieni anali m'galaja, chagada pansi pa malole a asilikali, ovolosi ili bii ndi girisi. Magalimoto amenewo sayenda m'misewu ya anthu aulemu. Amawoloka mitsinje, amakwera miyala, amakokana m'matope atasenza katundu woti lole wamba ikhoza kulira. Choncho m'galaja mwathu munali mwambo wouma. Chitsulo chonyamula katundu kapena chokoka galimoto inzake chikachita mng'alu, sitinkangochipaka moto pamwamba. Tinkayamba tabowola kabowo pothera mng'aluwo kuti usapitirire, n'kuusema ndi gilayinda, makina operera zitsulo, mpaka pakhale kangalande kuti moto ulowe mkati. Kenako tinkachitenthetsa chitsulo chonse, n'kuwotcherera ndi marodi, tindodo tija timasungunuka n'kumata chitsulo, oyenera, owuma bwino, ochokera m'chitini chotseka. Tikatha tinkachikwirira mumchenga kuti chizizire chokha, pang'onopang'ono. Madzi pafupi ndi ntchito yotere unali mlandu.

M'kupita kwa zaka ndinakhala sajeni, ndipo ntchito yanga inali yoyendera zimene anzanga awotcherera. Ndisakunamizeni, pakamwa ndinali napo. Ndikapeza ntchito yonyenga sindinkapita m'mbali, ndinkalamula kuti aiseme yonse ayambirenso, mwini wake akufuna asakufuna. Anyamata ankandida masana koma akapita kutali ndi lole yodutsa m'manja mwanga ankabwerako bwinobwino.

Nditapuma ntchito ndinadzakhala kwawo kwa mkazi wanga Esinati, kuno kwa Nazombe. Kwathu ndi ku Dowa, ndiye chikamwini sichinali chachilendo kwa ine. Mwinimbumba wa kubanja kwawo ndi a Fesitoni. Pa zaka ndine wamkulu, koma pamudzi pano mawu ndi awo. Ndiwo anandiyendetsa m'munda n'kundilozera pomanga nyumba, ndiwonso anandipatsa malo apansi pa mtengo wa mango pomwe ndinamangapo shedi. Ndalama zanga zopumira ntchito ndinagulira lole yakale ya asilikali imene inagulitsidwa pa okushoni, ya mtundu womwewo umene ndinakalambira pansi pake. Ndinaifikitsa kuno ikutsokomola, anthu akuseka kuti a mkamwini agula khola la nkhuku. Ndinaiphwasula ndekha n'kuimanganso mpaka inadzuka. Inayamba kututa mpunga wa ku Chilwa, nandolo, njerwa ndi mchenga. Mvula ikagwa, misewu ya kudambo ikasanduka phala, galimoto yodutsa inali yokhayo, chifukwa ndi yaitali ndipo mateyala onse amakoka. Odwala ndi maliro ambiri anayendera m'lole imeneyo.

Koma chaka changa choyamba pamudzi pano ndinapalamula. Tinkafolera tchalitchi, ndipo ndinaona abambo akukhoma mitanda yopindika ngati msana wa ng'ombe yowonda. Usajeni unandidzukira. Ndinakalipa pamaso pa amayi amene ankaphikira antchito, osadziwa kuti amene ndikumulozayo ndi mkulu wampingo, ndiponso malume awo a anthu ambiri pamudzi. Nkhani inakula mpaka a Fesitoni anachita kundiperekeza kukapepesa. Pobwerako Esinati anandikhazika pansi.

"Bambo, kuno si ku kampu," anatero. "Kuno ndinu mkamwini. Anthu awa si asilikali anu."

Mawu amenewo anandilowa. Dzina lakuti a Sajeni linandikanirira kuyambira pomwepo, ndipo anthu akamalitchula ndinkamva kaseko kobisika mkati mwake. Ndinalumbira mumtima kuti pamudzi pano palibenso adzamve ine ndikudzudzula munthu. Ndinasanduka wofatsa mpaka Esinati ankandiyamikira. Sindinadziwe kuti ndachoka kuphompho lina n'kukaima m'mphepete mwa linzake.

Tsiku lina m'chilimwe ndikutsuka lole, ndinaona kamzere ka dzimbiri, kowonda ngati tsitsi. Kumbuyo kwa malole amenewa kumakhala chitsulo chokhota chokolowekapo tcheni pokoka galimoto ina, ife timachitcha ngowe. Ngoweyo imakhala pa puleti yochindikala, yachitsulo cholimba, yomangidwa ndi mabawuti kuthupi la lole. Kamzereko kanali pa puletiyo. Wina akanati ndi penti yakanduka, koma ine ndinadziwa kuti ndi mng'alu. Ndinadziwanso chochita. Ku Limbe kuli mnzanga amene tinkagwira limodzi ntchito m'galaja, ali ndi makina aakulu ndi zipangizo zonse. Ndinamasula puletiyo kuti ndikakwere nayo minibasi.

Tsoka ilo, a Fesitoni anandipeza ndikuikulunga m'thumba. Atamva za ulendowo anaseka.

"Alamu, mpaka ku Limbe? Nanga ife pa Chiringa paja timawotcha chimanga eti?"

Anayankhula mwanthabwala, nanenso ndinaseka. Koma atapita, Esinati anandifunsa kuti anthu adzati chiyani akadzandiona ndikudutsa pa shopu ya alamu anga chitsulo chili m'manja, kukachipereka kwa mlendo. Sanali kundikakamiza, ndipo sindikumuimba mlandu. Iye za zitsulo sazidziwa, ankangoona za ubale. Wodziwa ndinali ine. Ndikanamufotokozera akanamva, koma ndinakumbukira za mitanda ya tchalitchi, ndinangoti chabwino.

Musandimve molakwa, a Fesitoni sanali mmisiri wachinyengo. Mafelemu a zitseko ndi mawindo a nyumba zambiri kuno ndi ntchito yawo. Makaliya a njinga amene iwo apanga amasenza matumba a mpunga kuchokera kunyanja osapindika. Ngolo, mabedi, mbaula, makasu othyoka, zonsezo zinkatuluka m'manja mwawo zili bwino. Koma zonsezo ndi zitsulo zofewa ndi zopyapyala, zimene zimakhululuka. Makina awo anali aja opanga tokha, mawaya okulungakulunga m'bokosi la matabwa, olira ngati njuchi. Marodi anali aang'ono, a mafelemu, ali m'chitini chosavundikira pakona ya shedi. Kumaso ankavala magalasi adzuwa. Tsiku limenelo chigayo cha pafupi chinali kugaya, ndiye magetsi ofika pa shopu anali ofooka, babu ikungoti psuu ngati khala. Pabenchi panali abambo akusewera bawo, ndi akabaza angapo akudikira makasitomala. Onsewo anatembenuka kuti aone mwinimbumba akukonza chitsulo cha asilikali.

A Fesitoni anapukuta puletiyo ndi burashi ya waya n'kuyamba pomwepo. Sanabowole, sanaseme, sanatenthetse. Kuwotcherera kwabwino kumamveka m'khutu, kumalira mosadukiza ngati matemba m'mafuta. Uku kunkatsokomola, rodi ikukakamira, iwo akuigwedeza kuti ichoke. Ndinaona chitsulo chosungunukacho chikungogona pamwamba pa mng'alu, osalowa mkati. Nthawi ndi nthawi ankaima, n'kukweza magalasi aja pamphumi, n'kundiyang'ana. Ine ndinkathawitsa maso, kumayang'ana phiri la Michesi ngati ndaliona koyamba.

Kenako anatenga ndowa ya madzi. Amisiri a m'misika amatero kuti mwini njinga asachedwe, agwire kaliya wake azipita, ndipo pa kaliya sizipweteka kwenikweni. Koma chitsulo cholimba chochindikala ukachithira madzi chili chamoto, chimauma mtima. Kunja chimaoneka bwino, mkati chimasanduka ngati mbale yadothi, yolimba koma yosapirira kugwedezeka. Ndinaona ndowa ikukwera. Mawu anafika pakhosi penipeni. Ndikanangoti, alamu, taimani, bwenzi lero ndilibe cholemba. Madzi anakhuthuka, nthunzi inati tolo.

M'modzi wa abambo a bawo aja anandiponyera funso. "A Sajeni, nanga bwanji ntchito ya kwathu kuno? Ikufika pa ya ku kampu?"

Onse anatchera khutu kuti amve ngati mkamwini wapakamwa uja anyoze mwinimbumba wake pagulu. Ndinayankha kuti zili bwino. A Fesitoni anamwetulira mpaka mano onse poyera. Anatenga penti yakuda n'kupaka puleti yonse, akuti imeneyo ndi mphatso, lole ya alamu awo izioneka.

Pobwerera kunyumba ndinadzitonthoza ndi nzeru ina. Ndinati ndiimanga pa lole kuti aione, akhutire, ndipo pakapita masabata ndidzaimasula mwakachetechete n'kupita nayo ku Limbe. Pakali pano sindikoka galimoto iliyonse. Inu owerenga, bodza loipitsitsa ndi lija umadzinamiza wekha, chifukwa palibe wokutsutsa. Nyengo ya nandolo inafika, lole sinkagona pakhomo. Kenako kunabwera otuta njerwa, kenako feteleza. Penti ija inachita ntchito yake, inabisa zonse. Ndikamazungulira lole m'mawa ndinkaona puleti yakuda yonyezimira, mtima n'kumati mawa. Mapeto ake ngakhale mawa lija ndinasiya kulinena.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera yamphamvu. M'mawa wina kunafika uthenga wakuti lole yonyamula maliro kuchokera ku Blantyre yatitimira m'dambo, panjira yopita kumidzi ya kunyanja. Womwalirayo anali mayi wa kubanja kwa apongozi anga, ndiye a Fesitoni monga mwinimbumba anayenera kukhalapo. Tinakwera limodzi, iwo pambali panga. Tinapeza lole ija yamira mpaka mateyala osaoneka, bokosi lili pamwamba atalifunditsa lona, amayi ali m'mbali mwa msewu akuimba mvula ikuwawaza. Ndani angakane kukoka maliro?

Ndikubwerera chambuyo kuti ndiyandikire, puleti ija inandibwerera m'mutu. Njira ina inalipo. Ndikanatha kuzunguliza tcheni kuthupi lenileni la lole, ngowe n'kuisiya. Koma ndikutsika ndinapeza a Fesitoni akoloweka kale tcheni pa ngowe, akusisita penti ija n'kumauza abambo amene anali pafupi kuti, "Apa musakayike, iyi ndi ntchito ya manja anga." Kuchotsa tcheni pamenepo kukanakhala kulengeza pamaso pa mbumba yawo yonse kuti ntchito yawo sindiikhulupirira. Ndinayang'ana matope, ndinayang'ana katundu wa lole ija, ndinadziuza kuti ndikakoka mofatsa ipirira. Apanso ndinatseka pakamwa.

Chimodzi chokha cha ku kampu ndinachita. Tcheni yokoka ikaduka imakwapula, ndiye ndinathamangitsa anthu onse kuti aime kutali. Liwu la usajeni linatuluka, amayi ndi abambo anabalalika osafunsa. Koma a Fesitoni anakaima pafupi ndi mphuno ya lole yotitimirayo kuti azindikodola ndi manja. Kwa iwo liwu langa linafewa. Ndinangoti, "Alamu, mwina mukanasunthako pang'ono." Anayankha kuti ndisadandaule, ali pabwino. Msilikali akanandiyankha choncho ndikanamunyamula ndekha n'kukamuika patali. Iwo ndinawasiya.

Ndinayamba kukoka pang'onopang'ono. Tcheni inawongoka, lole ija inagwedezeka, inasuntha pang'ono, anthu anayamba kukuwa mokondwa. Kenako mateyala ake anagwera m'dzenje lina, inakakamira. Ndinaonjezera moto. Kunamveka kuphulika kumodzi kouma, ndipo ine amene ndamvapo mfuti ndikukuuzani kuti kunalibe kusiyana. Lole yanga inadumphira kutsogolo yopepuka. Nyimbo ya amayi inaduka pakati. Pagalasi ndinaona a Fesitoni atakhala pansi m'matope, atagwira mkono, akuuyang'ana modabwa ngati si wawo.

Puleti inathyoka pomwe paja. Ngowe ndi tcheni zinauluka kubwerera kumbuyo n'kuwapeza pa dzanja lomwe ankandikodolera. Chikhala kuti zinakwera pang'ono, bwenzi tsiku limenelo tili ndi maliro awiri. Tinawamanga ndi chitenje n'kuwakweza kutsogolo, ndipo ndinathamanga nawo kuchipatala. Njira yonse sanalire. Ankangoti, "Maliro aja, alamu, maliro aja atani?" Ndinamva pambuyo pake kuti anthu anatsitsa bokosi n'kulinyamula pamapewa mpaka kumudzi.

Kuchipatala anawatumiza ku Blantyre, komwe anakhalako nthawi yaitali. Madokotala anayesetsa, mkono sanaudule. Koma mafupa a padzanja anali ataphwanyika ndipo mitsempha inaduka. Anabwerako zala zitapindikira mkati, zosatambasuka, zosagwira.

Apa ndiye pamene ndimachita napo manyazi kwambiri. Shopu inatsekedwa, ndipo pa Chiringa nkhani inayamba kuyenda. Ena ankati a Fesitoni ankamata zitsulo ndi malovu. Anthu amene zitseko zawo zinapangidwa ndi iwo anayamba kuzigwedeza kuona ngati zili zolimba. Ine ndiye ankandimvera chisoni, amvekere a Sajeni anawawonongera lole. Ndinkangogwedeza mutu, osatsutsa. Ndinkapita kukawaona, kuwatengera shuga ndi sopo, kucheza za mvula ndi za mbewu, n'kubwerako ndisananene kanthu.

Tsiku lina ndikutsanzika, anandigwira malaya ndi dzanja lamanzere. "Alamu, mundikhululukire," anatero. "Munandikhulupirira ine, ndakuchititsani manyazi pamaso pa anthu. Lole yanunso ndaiwononga."

Munthu wolumala chifukwa cha ine anali kundipepesa. Nditafika kunyumba ndinalowa m'shedi, momwe munali zidutswa za puleti ija, zimene wina anatola kudambo n'kudzandipatsa. Ndinali ndisanalimbe mtima kuziyang'ana. Pothyokapo panalembedwa zonse zimene ndinkazidziwa kale. Pamwamba panali kachikhungu kopyapyala ka chowotcherera, pansi pake mng'alu wakale uja uli chikhalire, wakuda ndi dzimbiri, moto sunafikeko n'komwe. M'mbali mwake chitsulo chinali chonyezimira timibulu ngati shuga, chizindikiro cha madzi aja.

Ndinayamba ndi kuuza Esinati. Ndinamufotokozera zonse, kuyambira pa rodi yokakamira mpaka pa tcheni. Misozi inagwera pachitenje chake. Kenako anati, "Ine ndinati musamakalipe, bambo. Sindinati musamalankhule."

M'mawa mwake ndinanyamula zidutswa zija kupita kwa a Fesitoni. Ndinawapeza pakhonde akuyesa kumanga batani la malaya ndi dzanja limodzi. Ndinakhala pansi, osati pampando umene anandilozera. Ndinaika zitsulozo patsogolo pawo n'kuwaonetsa mng'alu, kachikhungu kaja, ndi timibulu tija. Ndinawauza mmene ntchitoyo imayenera kuyendera. Kenako ndinawauza kuti zonsezi sindinazidziwire pa zidutswazi ayi, ndinaziona tsiku lomwelo zikuchitika, nditaima pambali pawo, ndipo ndinati zili bwino ndikudziwa kuti sizili bwino.

Ndinkayembekezera mkwiyo, ndipo ndinkaufuna. Akanandithamangitsa pamudzi ndikanati ndi chilungamo. Iwo anatenga chidutswa chimodzi n'kuchitembenuzatembenuza.

"Ndiye mumadziwa," anatero motsitsa. "Alamu, ine chitsulo chokula choncho ndinali ndisanachigwirepo chibadwire. Za ku Limbe zija ndinkangocheza, mukanapita sindikanadandaula. Mutabwera nacho ndinachita mantha, koma ndinati palibe kanthu, mwini ntchito ali pompano, ndikaphonya andiuza. Simunaone ndikukuyang'anani? Ndinkadikira inu. Mutati zili bwino, ndinakauza mkazi wanga m'nyumbamu kuti lero a Sajeni ayendera ntchito yanga, sanapezepo cholakwika. Ndinagona wokondwa tsiku limenelo."

Inu owerenga, ndinalira ngati mwana. Kuyang'ana kuja ine ndinkayesa kuti akundiopseza kuti ndisayerekeze kuwachititsa manyazi, pamene munthu ankapempha thandizo. Ndinkaganiza kuti ndikuteteza ulemu wawo. Kunena zoona ndinkateteza dzina langa, kuopa kuti anthu angatinso a Sajeni ayambanso. Ndipo kukhala chete kwanga sikunali kungokhala chete. Kwa iwo chinali chidindo cha munthu wodziwa.

A Fesitoni sanandithamangitse. Kukhululuka kwawo sikunabwere tsiku lomwelo, ndipo sindinganene kuti zonse zili ngati kale. Akazi awo mpaka lero amandiyankha moni mwachidule, ndipo ali ndi chifukwa. Chimene ndinachita n'chakuti ndinapita pabenchi ya bawo ija, pamaso pa abambo omwe aja, n'kunena kuti wolakwa pa nkhani ya puleti ndine, chifukwa ndinaona ndipo ndinanama. Kenako ndinasamutsa zipangizo za m'shedi mwanga kupita nazo ku shopu yawo, gilayinda, chobowolera, chigoba chenicheni chotchingira kumaso, ndi chitini chotseka cha marodi. Shopu inatsegulidwanso. Iwo amalandira anthu, amayeza, amalemba pachitsulo ndi choko kumanzere, ndipo rodi ndimagwira ndine. Pa mafelemu ndi makaliya amandiposa kutali, ndipo amandidzudzula osanyengerera, amvekere, "Alamu, kona iyo yapita kumbali, bwerezani." Ndimabwereza. Ndowa ija ikadalipo pakona pomwe paja, koma masiku ano mumakhala mchenga. Pakabwera munthu ndi chitsulo cha lole kapena cha thirakitala, a Fesitoni eni ake ndiwo amayamba kumuuza kuti makina athu safika pamenepo, apite nacho kwa amene ali ndi zida zake.

Tsono ndikupempheni, inu amene muli ndi magalimoto, makamaka akuluakulu ngati akale a asilikaliwa. Wowotcherera musamusankhe chifukwa ndi m'bale, kapena chifukwa ali pafupi, kapena chifukwa chitseko chimene anakupangirani sichinathyoke. Katswiri wa mafelemu akhoza kukhala mlendo pa chitsulo chokoka lole, ndipo kutero si kunyozeka. Yang'anani makina ake ngati ali ndi mphamvu ya chitsulo chanucho, muone kumene amasunga marodi, mumufunse kuti ayamba ndi chiyani asanayatse moto. Akakuuzani kuti angowotcherera pomwepo, nyamulani chitsulo chanu mwaulemu. Mukaona akutunga madzi, mugwireni dzanja. Penti musalole isanayenderedwe ntchito, chifukwa penti simanga chitsulo, imangotseka maso. Zina monga ngowe yeniyeniyo ndi zitsulo za chiwongolero, zikang'aluka n'zofunika kusintha basi. Ndipo pokoka galimoto, pasapezeke munthu pafupi ndi tcheni, kaya ndi bwana, kaya ndi apongozi.

Koma chachikulu n'chakuti ngati mukudziwa, nenani. Pakati pa kukalipa ndi kukhala chete pali njira yotakata imene ine sindinaione. Ndikanatha kuwaitanira kuseri kwa shedi. Ndikanatha kunena kuti, alamu, tiyeni tichitire limodzi, ku kampu tinkachita motere. Akanasangalala, ndipo abambo a bawo sakanadziwa kanthu.

Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, anthu amafola kupatsana moni, ndipo ine ndimakhala pambuyo pa a Fesitoni. Kuno kupereka dzanja lamanzere ndi mwano, ndiye aliyense akawatambasulira dzanja, mkulu kaya mwana, iwo amapereka lamanzere n'kuwerama pang'ono, amvekere, "Pepani, lamanzere." Ndimawamva akubwereza mawu amenewo mpaka mzere wonse kutha. Munthu amene ndinkaopa kumuchititsa manyazi kamodzi pamaso pa abambo a bawo, lero amapepesa kwa mudzi wonse mlungu ndi mlungu, ndipo akafika pa ine amandiuzanso chimodzimodzi.